Kanjira Kopondedwa ndi Ena

Pali chithunzi china chimene ana mamiliyoni a m'masukulu a sekondale ku America amachiona pa kompyuta asanasankhe koleji yokafunsirako malo, ndipo nthawi zonse chikandibwerera m'mutu chimandisowetsa mtendere. Ukachiyang'ana koyamba chimangokhala ngati pepala la masamu limene mwana wadonthezapo inki. M'munsi mwayala mzere wa malikisi a mayeso a SAT kapena ACT, cham'mbali mwaima mzere wa avereji ya magiredi a m'kalasi, imene eni ake amaitchula kuti GPA, ndipo pakati pali tizizindikiro mbwee: tobiriwira ndi ana amene kolejiyo inawatenga, tofiira ndi amene inawakana. Anawa si a kutali ayi. Ndi a pasukulu yomweyo, amene anakhalira madesiki omwewo zaka zingapo zapitazo, kungoti mayina anachotsedwa. Kenako pulogalamuyo imaikapo chizindikiro chinanso chimodzi, cha mwana amene wakhala pa kompyutayo, malinga ndi malikisi ake. Akapezeka kumtunda cha kumanja, pakati pa zobiriwira, mtima umakhala m'malo. Akapezeka kumunsi, m'thengo la zofiira, palibe amene wamulankhula, palibe amene wamuletsa, koma uthenga waumva. Chithunzichi amachitcha scattergram, ndipo chili m'pulogalamu yotchedwa Naviance. Sindinganene kuti chimanama, chifukwa kadontho kalikonse ndi munthu weniweni amene anadzaza fomu, n'kudikira, n'kulandira yankho lake. Chondivuta n'chakuti mwana wa zaka 16 wabwera ndi funso la mawa, ndipo chikumuyankha ndi dzulo la anthu ena, popanda wina pambali pake womukumbutsa kuti dzulo ndi mawa si tsiku limodzi.

Zikanakhala za sukulu imodzi yofuna kuoneka yotsogola, bwenzi nkhaniyi ili yaing'ono. Koma Naviance, imene inayamba mu 2002, n'kugulidwa ndi kampani ya Hobsons mu 2007, kenako ndi PowerSchool mu 2021, pofika mu 2023 inkafikira ana oposa 40 mwa 100 alionse a sekondale m'dzikolo, ndipo ili ndi anzake opikisana nawo monga Xello ndi SchooLinks. Sukulu za boma ku America siziyendetsedwa kuchokera ku likulu limodzi. Zili m'manja mwa maboma a zamaphunziro pafupifupi 13,000, lililonse ndi komiti yake komanso thumba lake, kotero chida chotere chimalowa boma ndi boma, kontirakiti ndi kontirakiti, ndipo nthawi zina chigawo chonse chimachimeza kamodzi. Ku Wisconsin, lamulo la mu 2013 linati kuyambira chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, mwana aliyense wa giredi 6 mpaka giredi 12 azithandizidwa kukonza dongosolo la maphunziro ake ndi ntchito imene akufuna kudzagwira. Maboma a zamaphunziro kumeneko ndi oposa 400, ndipo chigawocho chinagula pulogalamu ya kampani ya ku Toronto, imene poyamba inkatchedwa Career Cruising ndipo pano ndi Xello, n'kuipereka kwa mabomawo popanda kuwalipiritsa. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Bungwe la American School Counselor Association limati mlangizi mmodzi aziyang'anira ana 250, koma m'chaka cha 2023 mpaka 2024 avereji ya dziko lonse inali ana 376, ndipo ku Arizona inapitirira 600. Mlangizi yemweyo ndiye amakonzanso ndandanda ya makalasi, kuyendetsa mayeso, ndi kukhala pansi ndi mwana amene kunyumba kwake kwavuta. Mkulu wa zamaphunziro akayang'ana manambala amenewa, n'kubwera wogulitsa wonena kuti ali ndi chida chofikira mwana aliyense usana ndi usiku pa mtengo wochepera malipiro a alangizi owerengeka, ndani angamudzudzule akasaina?

Ine sindimudzudzula, ndipo ndiyenera kuvomereza msangamsanga kuti umboni wina uli kumbali yake. Katswiri wa zachuma Christine Mulhern anafufuza zimene zinachitika m'boma lina la zamaphunziro litayamba kugwiritsa ntchito Naviance, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Journal of Labor Economics mu 2021. Anapeza kuti mwana akangoona chithunzi cha koleji inayake, mwayi woti afunsireko malo umakwera ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo amene ankasintha kwambiri maganizo anali ana ochokera m'mabanja osauka, ana akuda ndi ana a Chihispaniki. Ambiri mwa iwo, ataona zithunzi za makoleji a boma a m'chigawo chawo, anakalowa makoleji a zaka zinayi, pamene akanapanda kuziona mwina sakanayesa n'komwe. Izi si zinthu zozinyoza. Mwana amene bambo ndi mayi ake sanapondeko ku koleji alibe womuuza pa chakudya chamadzulo kuti, “Ndi magiredi akowa, kumeneko angakutenge.” Mwana wa loya amamva mawu amenewa asanafunse n'komwe. Ngati kachithunzi ka pa sikirini kangamunong'oneze mwana wa wolondera zomwezo, ndiye kuti kachita ntchito imene dziko linalephera kumuchitira, ndipo aliyense wotsutsa zida zimenezi amene sayamba wavomereza mfundoyi akulankhula ngati munthu wokhuta amene akunyoza phala la m'mbale ya wanjala.

Koma m'kafukufuku yemweyo muli kanthu kena kamene ndimabwererako kawirikawiri, ndipo n'kamene kanathandiza Mulhern kuyeza mphamvu ya chithunzicho. Pofuna kuteteza chinsinsi cha ana, pulogalamuyo sionetsa scattergram ya koleji pokhapokha ngati ana okwanira a pasukulupo anafunsirako malo m'mbuyomu. M'boma limene anafufuzalo malire ake anali ana 5 pasukulu zina, ana 10 pasukulu zina. Cholinga n'chabwino, chifukwa timadontho tikakhala tiwiri tokha aliyense angadziwe kuti kofiirako ndi mwana wa uje. Taonani tsono mmene zimazungulirira. Koleji imene ana ambiri anapitako imaoneka. Ikaoneka ana ena amafunsirako. Akafunsirako timadontho timachuluka, ndipo chaka chamawa imaoneka bwino koposa. Koleji imene anafunsirako ana anayi okha sioneka. Posaoneka ana saiganizira. Posaiganizira imakhalabe yosaoneka. Ndi mmene kanjira ka m'tchire kamayambira. Palibe amene anakalambula kapena kukayeza kuti n'kachidule. Munthu mmodzi anadutsa, udzu unagona, wachiwiri anaona pogona udzu n'kudutsa pomwepo, ndipo pakutha pa dzinja aliyense amati njira yopita kudambo ndi imeneyi. Sukulu ya ana olemera m'mbali mwa Boston ili ndi tinjira topita ku makoleji mazanamazana, topondedwa kwa zaka zambiri. Sukulu ya kumudzi kumpoto kwa Wisconsin ili ndi tinjira towerengeka, topita kufupi. Boma likagula pulogalamu imodzi n'kuiika m'sukulu zonse, pepala limanena kuti ana onse alandira chida chofanana, pamene zoona zake n'zakuti mwana aliyense walandira mbiri ya sukulu yake yomwe, yojambulidwa bwino ndi kupakidwa utoto.

Palinso nkhani ya mzere. Pa chithunzi chimene ana a m'kafukufukuyo ankaona pankakhala mizere yosonyeza avereji ya malikisi a ana amene anatengedwa, ndipo Mulhern anapeza kuti ana amene GPA yawo inali pansi pang'ono pa mzerewo ankabwerera m'mbuyo poyerekeza ndi anzawo amene anali pamwamba pang'ono, ngakhale kuti mwayi wawo weniweni wotengedwa sunkasiyana. Apa mpamene masamu ndi mtima wa mwana zimasemphana. Avereji, mwa chibadwa chake, ili ndi anthu kumwamba ndi anthu kumunsi. Gulu lalikulu la amene anatengedwa linali pansi pa mzere womwewo, apo ayi sukanakhala avereji. Koma diso likaona mzere limaona mpanda. Mu 2023 Sabina Tomkins, Joshua Grossman, Lindsay Page ndi Sharad Goel anatulutsa mu PNAS kafukufuku wa ana pafupifupi 70,000 a m'sukulu za boma 220, ndipo anapeza kuti sukulu ikayamba kugwiritsa ntchito Naviance, mchitidwe woti ana anzeru kwambiri azingofunsira malo ku makoleji ochepera nzeru zawo umakwera ndi maperesenti oposa 50. Ndiye kuti chida chomwecho chimene chikukweza mwana amene sankadziwa kuti koleji ya pafupi ingamutenge, chikutsitsa mwana amene akanayesa kutali. Chimakokera onse pakati, pamene udzu unagona kale. Wina anganene kuti zimenezo n'zabwino, kuti kulota mopitirira muyeso kumawonongetsa ndalama za mafomu ndi kuswetsa mtima. Koma ku America makoleji ovuta kulowa ndi amenenso ali ndi chuma chochuluka chothandizira ana osauka, moti kwa mwana wa m'banja losowa, koleji yotchuka ikhoza kukhala yotchipa kuposa ya pafupi ndi kwawo. Mwana amene waopa mzere uja sadzadziwa zimenezi, chifukwa kalata yonena za thandizo la fizi imabwera kwa okhawo amene anafunsira malo n'kutengedwa.

Komanso kadontho sikafotokoza nkhani yake. Kobiriwira kamene kali kumunsi kwenikweni mwina kanali ka katswiri wothamanga amene kochi ankamufuna, kapena mwana amene agogo ake anaphunzira pomwepo. Kofiira kamene kali kumtunda mwina kanali ka mwana amene analemba nkhani yake yofunsira malo usiku womaliza, ali ndi tulo. Makalata a aphunzitsi, maphunziro amene mwana anasankha, ntchito imene ankagwira akaweruka kuti athandize pakhomo, zonsezi makoleji amaziyang'ana, koma pa chithunzipo palibe mzere wake. Ndipo malamulo amene anabala timadonthoto amasintha. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utatseka malo olembera mayeso, makoleji ambiri anasiya kukakamiza SAT ndi ACT, ndipo kenako ena otchuka anayambiranso kuwafuna. Mu June 2023 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, linaletsa makoleji kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira. Mwana woyang'ana timadontho ta zaka zingapo zapitazo akuwerenga mapazi a anthu amene anawoloka mtsinje usanasinthe njira. Munthu wodziwa akanamuuza zimenezi m'mphindi imodzi. Chithunzi chimangokhala duu, ndipo kukhala chete kwakeko kumachipatsa ulemu umene sichiyenera kukhala nawo.

Mbali ya ntchito, imene ndi mtima wa dongosolo ngati la ku Wisconsin, ili ndi vuto lofanana ngakhale lavala malaya ena. Mwana wa giredi 6 kapena 7 amayankha mafunso ambirimbiri onena zimene amakonda ndi zimene sakonda. Mu Xello mafunso amenewa amatchedwa Matchmaker. Akamaliza, pa sikirini pamabwera mndandanda wa ntchito zomuyenera. Mafunso a mtundu umenewu ambiri amatsamira pa maganizo a John Holland, amene kuyambira mu 1959 ankaphunzitsa kuti anthu ndi ntchito zomwe zimagwera m'magulu 6, ndipo munthu amakhazikika akapeza ntchito ya gulu lake. Nzeru imeneyi si yachabe. Koma mwana wa zaka 12 amakonda zimene anazionapo. Mukamufunsa ngati angakonde kuyeza kulimba kwa milatho, yankho lake likuuzani zambiri za anthu amene amabwera kunyumba kwawo kuposa za mutu wake. Frank Parsons, amene anatsegula Vocation Bureau ku Boston mu 1908 ndipo amatengedwa ngati kholo la ulangizi wa ntchito, anagawa nkhaniyi patatu m'buku lake la Choosing a Vocation, limene linatuluka mu 1909 iye atamwalira kale: munthu adzidziwe, adziwe ntchito zimene zilipo, kenako alingalire mozama mmene ziwirizo zikukhudzirana. Ndikayang'ana zida za masiku ano ndimaona kuti gawo lachiwiri zalichita bwino kuposa mmene Parsons akanalotera; malipiro, maphunziro ofunika, mavidiyo a anthu ali pantchito, zonse zili pompo. Gawo loyamba zimaliyesa ndi mafunso, mwa apo ndi apo. Gawo lachitatu ndi limene silingaikidwe m'kontirakiti, chifukwa kulingalira kumafuna wina wokufunsa kuti, “Bwanji wayankha choncho?” ndi kudikira yankho, n'kuona kuti wayang'ana pansi.

Pano wotsutsa wanga ali ndi mkondo wakuthwa, ndipo sindiuzemba. Adzati: mukulankhula ngati kuti mlangizi wamunthu ndi mngelo, pamene mbiri ya ulangizi ku America yadzaza ndi akuluakulu amene ankayang'ana khungu la mwana, kapena dzina la bambo ake, kapena kuti ndi mtsikana, n'kumulozera ku khitchini ndi ku fakitale. N'zoona. Michelle Obama anafotokoza m'buku lake la Becoming, la mu 2018, mmene mlangizi wa pasukulu yake ku Chicago anamukayikira zoti angakwanitse ku Princeton. Kompyuta, atero wotsutsayo, siyang'ana nkhope, sitopa, siiwala, ndipo imauza mwana wa 300 zomwezo zimene inauza woyamba. Koma nkhani ya Michelle Obama yomweyo ndi imene imandiphunzitsa kusiyana kwake. Iye anatuluka mu ofesi muja atapsa mtima, n'kuganiza kuti munthuyo walakwitsa, n'kukapeza wina pasukulupo womulembera kalata, ndipo mu 1985 anamaliza maphunziro ake ku Princeton. Anatha kutero chifukwa womukayikirayo anali munthu, wokhala ndi nkhope ndi mawu, amene ukhoza kumunena kuti ndi watsankho kapena sakundidziwa. Nanga chithunzi cha timadontho ungachipsere mtima bwanji? Sichinakunyoze. Changokuonetsa manambala, ndipo manambalawo ndi oona. Tsankho la munthu limaonekera ndipo limatsutsika; tsankho limene linaumbika m'mbiri ya sukulu, n'kulowa m'kompyuta ngati timadontho, limafika kwa mwana litavala zovala za chilungamo, ndipo iye amalilandira ngati nzeru zake zomwe. Samati andiletsa. Amati ndaona ndekha kuti sindingathe.

Ndipo sikuti mlangizi wabwino ndi nthano chabe. Mulhern yemweyo anachitanso kafukufuku wina ku Massachusetts, kumene sukulu zambiri zimagawa ana kwa alangizi potengera chilembo choyamba cha dzina la bambo, zimene zimapangitsa kuti kukumana ndi mlangizi waluso kapena wofooka kukhale ngati maere. Anapeza kuti alangizi aluso amakweza ndithu mwayi woti mwana amalize sekondale ndi kupita ku koleji, ndipo phindu lake limakula kwambiri kwa ana osauka ndi amene sakhoza bwino m'kalasi. Ndiye kuti ana amene chithunzi chimawagwedeza kwambiri ndi omwewonso amene munthu amawathandiza kwambiri. Mwana wa m'banja lophunzira akaona kadontho kake pansi pa mzere, madzulo mayi ake amuuza kuti asatekeseke, ayese basi. Mnzake wa m'banja losauka alibe womuuza, ndipo pa chifukwa chimenechi chida chimene chinagulidwa kuti chitseke mpata chimagwira ntchito mosiyana m'manja mwa ana awiriwo: kwa mmodzi ndi mawu amodzi mwa ambiri, kwa winayo ndi mawu okhawo. Funso limene komiti ya boma la zamaphunziro imayenera kudzifunsa isanasaine ndi lakuti nthawi imene pulogalamuyo ipulumutse ipita kuti. Ikachotsa pa desiki ya mlangizi mtolo wa mapepala, kutumiza masatifiketi ndi makalata ku makoleji, kulondola amene sanadzaze fomu, n'kumusiyira maola okhala ndi ana maso ndi maso, ndalamazo zagwira ntchito. Ikakhala chifukwa chonenera kuti mpando wa mlangizi amene wapuma pantchito ukhale wopanda munthu chaka chinanso, ndiye kuti boma lagula galasi n'kuchotsa wotanthauzira.

Chovuta n'chakuti kufalitsa chida m'maboma mazana kumafuna malipoti, ndipo lipoti limakonda zinthu zowerengeka. Tiyerekeze kalasi ya giredi 8 Lachitatu masana. Pa ndandanda pali mphindi 25 zoti ana akonze za tsogolo lawo, ndipo amene akuyang'anira ndi mphunzitsi wa masamu amene anaphunzitsidwa za pulogalamuyo tsiku limodzi sukulu isanatsegulidwe. Mphindi zisanu zatha ndi ana atatu amene aiwala pasiwedi. Mnyamata wa pakona wazindikira kuti akamadina yankho lapakati pa funso lililonse amaliza msanga, ndipo akudina osawerenga, chala chili tapatapa. Mtsikana wa kutsogolo wawerenga funso lililonse mofatsa, ndipo pamwamba pa mndandanda wake pabwera ntchito imene sanaimvepo chibadwire. Wakweza dzanja kuti afunse kuti ndi ntchito yanji, belu lalira, malaputopu atsekedwa. Madzulo ake, pa kompyuta ya ku ofesi ya boma, ana onse awiri aoneka ndi chizindikiro chobiriwira: amaliza. Pakutha pa chaka lipoti linena kuti pafupifupi ana onse ali ndi dongosolo la tsogolo lawo, ndipo palibe amene wanama. Kungoti chimene lamulo linkafuna, kuti mwana aganize za moyo wake ndi munthu wamkulu womudziwa, chasanduka chimene kompyuta imatha kuwerenga, ndipo dzanja lija limene linakwezedwa silinalowe m'lipoti lililonse. Si kuti aphunzitsi ndi aulesi kapena akuluakulu ndi achinyengo. Chimene umayeza ndi chimene anthu amathamangira, ndipo kucheza kwabwino kwa mphindi khumi sikusiya chidindo.

Palinso funso la amene akulipira, ndi chimene akugula. Mu January 2022 atolankhani a The Markup anaonetsa kuti kudzera m'gawo lina logwirizana ndi Naviance, lotchedwa Intersect, makoleji ankalipira kuti mauthenga awo aonekere kwa ana osankhidwa potengera zinthu monga dera ndi magiredi, ndipo m'makontirakiti ena akale, ngakhale mtundu wa khungu. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwana amene sukulu yamuuza kuti alowe m'pulogalamu kuti akalangizidwe sayembekezera kuti koleji imene yatulukira pa sikirini yake yalipira malowo, ndipo sangakane kulowamo ngati satifiketi yake ndi makalata a aphunzitsi zimadutsa momwemo. Mu December 2024 akuba a pa intaneti analowa m'nkhokwe ya PowerSchool yosungira mbiri za ana asukulu, imene ndi yosiyana ndi Naviance koma ya mwini yemweyo, n'kutenga zinsinsi za ana ndi aphunzitsi mamiliyoni makumi angapo ku America ndi ku Canada. Kampaniyo inali itangogulidwa kumene ndi Bain Capital pa madola 5.6 biliyoni. Sinditchula izi kuti ndiopseze, koma chifukwa mtengo wotero umatiuza kuti zimene ana amalemba m'mapulogalamu a sukulu ndi chuma, ndipo m'pulogalamu ya ulangizi mwana amalembamo zinthu zakuya kuposa adiresi: zimene amaopa, zimene amalakalaka, mmene amadzionera ali ndi zaka 13.

Wina adzati zonsezi ndi zokonzeka, ndipo mbali ina akunena zoona. Mzere wa avereji ukhoza kuchotsedwa, kapena m'malo mwake n'kuonetsa kutalikirana kwa malikisi a onse amene anatengedwa. Sukulu zing'onozing'ono zikhoza kuphatikiza timadontho tawo ndi ta sukulu zina zofanana nazo kuti tinjira tichuluke. Pambali pa chithunzi pakhoza kulembedwa mtengo weniweni umene banja losauka limalipira. Malonda akhoza kuletsedwa m'kontirakiti, ndipo chigawo chimene chikugulira maboma 400 chili ndi mphamvu yokakamiza zimenezi kuposa sukulu imodzi payokha. Apa ndiye pamene kugula pamodzi kuli ndi phindu lenileni. Koma kuti komiti ipemphe zinthu zotere iyenera kuyamba yavomereza kuti chidacho chimakankha ana, kuti mtundu wa kadontho ndi malo a mzere ndi uphungu ndithu, wolembedwa ndi munthu amene sanamuonepo mwanayo. Makomiti ambiri amachigula ngati akugula kabati yosungiramo mafayilo. Ndipo ngakhale zonse zitakonzedwa, chida chimene chakudya chake ndi mbiri chizidzalozabe kumene anthu anapita kale. Wowerenga wa ku Malawi sangadabwe ndi zimenezi, chifukwa mphekesera ya mapointsi a MSCE amene anatengera anthu ku udokotala chaka chatha imagwira ntchito yomweyo popanda kompyuta: mwana wa pa CDSS imene sinatumizepo munthu ku KUHeS amadzichotsa yekha pamzere asanadzaze fomu, ndipo chaka chamawa mng'ono wake amapeza umboni woti pasukulu pano sizitheka.

Ndimaganizirabe za tsamba lopanda kanthu lija, la koleji imene anafunsirako ana anayi okha. Mwa anayiwo mwina mmodzi anatengedwa. Mwina pano ali chaka chachitatu, akuphunzira za mankhwala kapena zomangamanga, ndipo patchuthi amabwera kwawo n'kumagula zinthu m'sitolo yomweyo imene mayi a mwana wa zaka 16 uja amagulitsamo. Kadontho kake kobiriwira kalipo m'nkhokwe ya kompyuta, koma lamulo la chinsinsi lakabisa, ndipo lachita bwino kukabisa. Mwana wa zaka 16 akalemba dzina la kolejiyo m'bokosi lofufuzira, sikirini imuuza kuti palibe chithunzi choti ionetse, ndipo iye abwerera ku mndandanda wa makoleji amene ali ndi timadontho tambiri. M'nyumba yonse ya sukuluyo, amene akudziwa za mwini kadontho kobiriwira uja ndi mlangizi amene anamulembera kalata zaka zitatu zapitazo, ngati akadalipo, ndipo ngati pa ana 376 ake tsiku limenelo wapeza mpata wodutsa kumbuyo kwa mpando n'kuona dzina limene mwanayo walemba n'kufufuta.